Nkhoswe pa Benchi

Lolemba

Kukuzizira. Mphepo ya kuphiri ikulowa mpaka m'mafupa.

Esinati, mwana wa malemu mlongo wanga, ali pano kuyambira Lachisanu. Anatsika pa kabaza, khanda kumbuyo, mkono wamanzere utatupa, diso limodzi litatsekeka. Anachita zimenezi ndi mwamuna wake, Lufeyo, amene anamutenga chitengwa kupita naye ku Nachisaka. Esinati salankhula. Ukamupatsa moni amangogwedeza mutu. Chakudya amangolawa.

Uthenga wafika lero: ankhoswe akuchimuna abwera Loweruka kudzapepesa ndi kudzamutenga. Nkhoswe yakuchikazi ndine. Pa mwambo wathu mwini nkhani amakhala chete atawerama, nkhoswe ndiyo imamulankhulira. Choncho zimene ndidzanene Loweruka ndizo zidzagamule ngati mwanayu abwerera kunyumba imeneyo kapena ayi.

Ine si munthu wa mawu ambiri. Pa ukwati wanga ndinanena kuti "Inde," ndipo zinakwana. Koma ulendo uno ndikukonza mawu aatali, oti anthu adzawakumbukire. Zigawo zinayi:

Choyamba, malonje ndi mbiri ya makolo athu.
Chachiwiri, chidzudzulo.
Chachitatu, kufotokoza mabala.
Chachinayi, chigamulo: alipe mbuzi, alumbire pamaso pa akulu a mpingo, kenako mwana abwerere.

Ndikuyeserera m'chigafa. Mabelo a fodya ndiwo ankhoswe akuchimuna. Amamvetsera bwino, sadula mawu.

ANachisale, akazi anga, asuzumira. "Kodi mumatha kulankhula chonchi? Zaka zonsezi ine ndili pompano, mwasankha fodya!"

Pochoka awonjezera kuti: "Mawa mwanayu apite kuchipatala. Mawu anuwo sapoletsa mkono."

Lachiwiri

Jekete. Nsapato za kutchalitchi. Minibasi mpaka kuchipatala cha mishoni.

Monga ndidziwira ine, nkhani yotere munthu amayenda nayo: kuchipatala akutumize kupolisi, kupolisi akutumize kuboma, ndipo paliponse nkhoswe ifotokoze kuyambira pachiyambi. Ndanyamuka nditakonzeka kulankhula tsiku lonse.

Ayi ndithu! Ali ndi chipinda chimodzi, cha nsalu yobiriwira pazenera. Namwino waimba foni. Posakhalitsa wafika mayi wapolisi, wamfupi, akuti ndi sajeni. Kenako mayi wina, mlangizi, wa ku ofesi yosamalira anthu. Akuti wovulala sayenda, oyenda ndi iwowo. Akuti nkhani yowawa munthu aifotokoze kamodzi kokha, onse amvere pamodzi, aliyense atengepo mbali ya ntchito yake.

Ndamanga batani la jekete. "Zikomo. Ine ndine..."

Namwino: "Agogo, mwachita bwino kwambiri kumubweretsa. Panjapo pali benchi."

Benchi! Nkhoswe yathunthu!

Ndakhala. Ndi la thabwa la bulugama, mwendo umodzi waufupi. Ukapuma limagwedera.

Esinati watuluka ndi chikhakha choyera kuyambira pachigongono mpaka kuzala. Fupa linathyoka. Namwino walemba mabala onse papepala, wadinda chidindo. Akuti khoti limamva pepala limeneli. Wafunsa Esinati ngati angandiwerengere, Esinati wavomera ndi mutu. Zonse zilimo. Mulinso zipsera zakale zimene ine sindinazione.

Pobwerera pa minibasi ndamugulira nthochi pa Chezi. Wadya ziwiri.

Chigawo chachitatu chagwa. Koma ndinene zoona, changa chinali chokoma kuposa chawo. Ndinayerekeza mkonowo ndi dzungu la pachulu. M'pepala la namwino mulibe dzungu.

Lachitatu

Sajeni waitanitsa Lufeyo kupolisi. Nditamva ndatulutsa njinga. Chigawo chachiwiri ndachinola njira yonse. Pachitunda ndikukankha njinga, ndikudzudzula mitengo.

Benchi lina. Ili ndi lasimenti. Kuzizira kwake!

Ine sindimvetsera nkhani za eni, koma zenera ndi lotsegula. Sajeni sakweza mawu. Akuwerenga lamulo pang'onopang'ono monga achitira abusa pa mgonero.

Lufeyo: "Bwana, inali nkhani ya m'banja chabe."

Sajeni: "Fupa silidziwa za m'banja, achimwene. Lathyoka basi."

Mlandu upita kukhoti. Akutinso akapempha chikalata choletsa Lufeyo kuyandikira kumene kuli Esinati.

Lufeyo watuluka, mapewa ali pansi, chipewa m'manja. Wandiona. "Atsibweni..."

Ndaimirira. Ndamanga batani. Ndakoka mpweya wokwanira chigawo chonse.

Sajeni pakhomo: "Bambo, musavutike naye. Nkhani ili m'manja mwathu. Khalani pansi mupume."

Ndakhala. Mpweya ndautulutsa wopanda mawu.

Chigawo chachiwiri chagwa. Munali chiganizo ichi, chimene ndinachisula masiku awiri: "Manja olephera kumanga ndindi ya fodya yowongoka aphunzira liti kuwongola munthu?" Madzulo ndachinena kukhola. Tonde wasiya kudya, wandiyang'ana nthawi yaitali. Chamulowa.

Lachinayi

Mlangizi wabwera kunyumba pa njinga yamoto. Ndamutulutsira mpando wandalema. Wathokoza, wakakhala pamphasa kuseri kwa nyumba pamodzi ndi Esinati. Akusankha nyemba.

Ndimaganiza kuti mlangizi ndi munthu wolankhula. Uyu salankhula. Amafunsa kamodzi, kenako amadikira. Anapita kusukulu zaka zambirimbiri kukaphunzira kukhala chete! Ine ndachita zimenezi moyo wanga wonse, palibe anandipatsapo satifiketi.

Patapita nthawi, mawu a Esinati. Otsika, koma aatali. Ndasunthira mpando wanga kunkhokwe kuti ndisamve. ANachisale aima pakati pa bwalo ndi lichero m'manja, aiwala kupeta.

Pomaliza mlangizi wadzakhala pafupi nane. "Nanga inu agogo, mumtima muli bwanji?"

"Bwino."

Wadikira. Inenso ndadikira. M'mudzi muno palibe amene anandiposapo pa kukhala chete. Nkhuku yadutsa ndi anapiye ake. Mthunzi wa nkhokwe wasuntha. Mayiyu ali phee, akuyang'ana phiri ngati alibe kopita.

Ndagonja ndine.

"Mwanayu ankaimba," ndatero. "Kwaya yonse inkatsatira iye."

Kenako kanthu kalowa m'diso. Mphepo ya Juni ili ndi fumbi lambiri.

Popeza pakamwa panatseguka kale, ndamufotokozera chigawo chachinayi: mbuzi, lumbiro, kubwerera. Wamvetsera mpaka kumapeto. Munthu woyamba sabata ino!

Iye: "Mbuziyo ndi yabwino, agogo. Koma amene akagone m'nyumba imeneyo ndani?"

Ndaganiza. Si ine. Si akulu a mpingo. Si mbuzi.

Iye: "Ndiye timufunse iyeyo."

Wakwera njinga yake, wapita. Chigawo chachinayi chagwa popanda phokoso.

Lachisanu

Chatsala choyamba chokha. Ndachikulitsa. Ndawonjezera agogo awiri amene ndinawalumpha, ndiponso ulendo wa makolo athu kuchokera kumapiri a Ntchisi, akukoka ng'ombe yotsimphina.

M'mawa sajeni wadutsa ndi chikalata cha khoti: Lufeyo asaponde pabwalo pano. Wapereka kwa Esinati, osati kwa ine. Wafunsanso Esinati, osati ine, ngati akufuna kuti sajeniyo, namwino ndi mlangizi adzakhalepo mawa.

Esinati: "Mubwere."

Ndamva ndi makutu anga. Liwu limodzi, koma lathunthu.

Masana, m'chigafa. "Zikomo akuluakulu. Zikomo eni mbumba. Zikomonso inu mwayenda mtunda..." Ndafika pa ng'ombe. Kuseri kwa mabelo kwamveka kaphokoso ngati ka mbewa. Ndasuzumira.

ANachisale atseka pakamwa ndi chitenje. Esinati waima chilili, chikhakha pachifuwa monga ndigwirira batani ine, chibwano m'mwamba, mawu atawakhuthalitsa: "Zikomo, zikomonso, ndi ng'ombe yomwe zikomo!"

Onse awiri agwera pamabelo ndi kuseka. Khanda nalo likuseka, losadziwa kanthu.

Mwano! Mwano waukulu! Fodya wanga waphwanyika!

Ndabwerera pamalo panga. Ndayambiranso pa ng'ombe, mokweza. Nditamaliza ndabwerezanso, ndikutsimphina pang'ono. Nkhoswe iyenera kuyeserera mokwanira.

Dzuwa litapendeka ndapita kutchalitchi kukabwereka benchi. Ndasankha ndekha. Ndayesa mabenchi onse limodzilimodzi mpaka ndapeza la mwendo waufupi.

Loweruka

Pansi pa mtengo wa mango. Akuchimuna afika atatu, tambala wofiira m'khwapa. Lufeyo palibe. Chikalata chagwira ntchito.

Namwino, sajeni ndi mlangizi afika pa galimoto imodzi. Akuyang'anayang'ana pokhala. Tsiku langa! Ndamanga batani, ndaloza ndi dzanja lonse:

"Amayi, mwachita bwino kwambiri kubwera. Apo pali benchi."

Aseka mpaka namwino wapukuta misozi. Akhala. Benchi lagwedera. Mtima wanga wayera.

Nkhoswe yakuchimuna yalankhula nthawi yaitali. Olakwa ndi awa: Satana, kachasu, mtengo woipa wa fodya. Lufeyo sanatchulidwe kwenikweni. Akuti zotere zimachitika m'nyumba iliyonse. Akuti mwana abwerere lero lomwe, tambala ndi uyu.

Nthawi yanga. Ndaimirira. Batani lamangidwa kale, ndalimasula n'kulimanganso.

"Zikomo."

Chikhakha chakwera m'mwamba, monga achitira ana a sukulu.

"Atsibweni, ndilankhule ndekha."

Mwambo sulola. Akuchimuna akundiyang'ana. ANachisale akundiyang'ana. Atatu a pabenchi ayang'ana pansi. Bwalo ndi langa, ndipo akudziwa. Agogo anga onse afola pakhosi, ndi ng'ombe yomwe, akudikira kutuluka.

"Lankhula."

Walankhula ataimirira.

"Sindibwerera. Aka si koyamba, ndipo inu mukudziwa, chifukwa ndinathawirapo kwanu, munandibweza. Mwana bambo ake azimuona monga khoti linenere. Makina anga osokera mundibweretsere, ndi mapoto amene anandipatsa mayi anga."

Wakhala pansi.

Nkhoswe yakuchimuna: "Aa! Kodi kuno mbumba imadzilankhulira yokha? Nanga nkhoswe ikuti chiyani?"

Ndikadali chiimire. Ndayang'ana tambala. Ndayang'ana chikhakha.

"Mwamva."

Ndakhala pansi.

A pabenchi aomba m'manja, chimene sichiloledwa pa mlandu, ndipo benchi lawatsitsa mbali imodzi. ANachisale aimba nthungululu, chimenenso sichiloledwa. Sindinaletse aliyense. Tambala wabwerera ku Nachisaka m'khwapa momwe anabwereramo. Ndiye yekha wa akuchimuna amene wapita wokondwa.

Lamulungu

Za sabata ino:

Mawu okonzedwa: zigawo zinayi.
Mawu olankhulidwa pa mlandu: Zikomo. Lankhula. Mwamva.
Komabe aposa a pa ukwati wanga.

Kutchalitchi Esinati wakhala ndi a kwaya, mzere wakumbuyo. Nyimbo yoyamba sanatsegule pakamwa. Yachiwiri watsegula pang'ono. Yachitatu akugwedeza chikhakha, ndipo wotsogolera kwaya akutsatira iye. Fumbi la Juni lalowa mpaka m'tchalitchi. Ndidandaula kwa osesa.

Sizinathe zonse. Mlandu ukadali kukhoti. Fupa likadali kupola, ndipo namwino akumufunanso kuchipatala. Chitseko chikamenyeka ndi mphepo mwanayu amadzidzimukabe. Mlangizi akuti azibwerabe, zotere sizitha sabata imodzi. Ndamuuza kuti nyemba zosankha zilipo zambiri.

ANachisale akuti mbiri ya makolo ndisadandaule nayo, aiphunzira kale kuseri kwa mabelo, adzainena pa maliro anga. "Ndi ng'ombe yomwe." Esinati akuti iye adzatsimphina.

Titatuluka m'tchalitchi, mkulu wa mpingo mnzanga wanditengera pambali. Munthu ameneyu sitinachezepo zina koposa za mvula ndi feteleza. Wayang'ana nsapato zake. Akuti mwana wake wamkazi wabwera kuchokera kubanja, sakuoneka bwino, ndipo salankhula. Akufunsa kuti chipinda chija chili pati, ndipo munthu akafika kumeneko amanena chiyani.

"Simunena kanthu," ndatero. "Mumangoperekeza."

Akuti ndiye ndimuperekeze iyeyo.

Jekete sindinalibweze m'sutukesi. Ndalipachika pamsomali.

Mawa benchi. Ndinyamula katsamiro.