Nkhungu M'kompyuta

Lolemba

Ukwati wa mlongo wanga Esinati ndi Loweruka lino, ndipo katuni yomwe ndinalonjeza kuonetsa muholo sinathe. Zojambula zonse zilipo: alamu akutsika minibasi pa Chia, akumuona Esinati akugulitsa chambo, akumufunsira, iye akukana, iwo akubwerabwerabe mpaka iye kulola. Chatsala n'kurenda, ndiye kuti kompyuta ilumikize zithunzi zonsezi zikhale filimu. Apa ndiye pagona nkhani. Ndayiyatsa m'mawa, ndakasamba, ndamwa tiyi, pobwerako ndapeza alamu angotulutsa mwendo umodzi m'minibasi!

Bambo asuzumira pakhomo. Akuti, "Zidole zakozo zikasangalatsa anthu Loweruka, ndikusiya uzichita. Apo bii, ukukwera bwato. Siginala wanga wathawira ku Joni, nyali zokopera usipa zikusowa mwini."

Ine nyanja ndimayiopa kuyambira ndili mwana, ndipo iwo akudziwa bwino lomwe.

Ndagulitsa njinga. Mnzanga wa ku Lilongwe atumiza khadi ya zithunzi ndi ramu mawa, zida zothamangitsa kompyuta. Akuti, "Aise, ukangoika zimenezi, iziuluka."

Lachiwiri

Katundu wafika pa minibasi, m'katoni ya sopo. Zotsatira zake:

– Ramu yalowa bwinobwino, sindikukhulupirira.
– Khadi ndi yaitali kuposa bokosi la kompyuta.
– Chitseko cha m'mbali sichikutsekeka, ndachiika pansi pa bedi.
– Chala changa chachekeka.

Kompyuta tsopano ili pambalambanda, matumbo onse kunja. Koma kuwala kwake! Mafani a khadiyi ali ndi timagetsi tofiira, tobiriwira, tachikasu, tomasinthasintha. Ine sindinapemphe timagetsi. Mnzanga akuti situzima, za masiku ano zimabwera choncho.

Azakhali, amene abwera kuchokera ku Liwaladzi kudzaphika zaukwati, aimirira pakhomo manja ali m'chiuno. Akuti, "Kodi a Disiko, gule ayamba nthawi yanji?"

Ndadina batani lorendera. Phi! Yazima yonse. Ndayatsanso, yazimanso. Mtima ukundipweteka.

Lachitatu

Mnzanga akuti khadi imadya moto wambiri, kabokosi kanga kogawa magetsi n'kosowa mphamvu. Bwanji sananene dzana?

Ulendo wa ku boma. Mwini shoo ya mavidiyo wandibwereka kabokosi kake kakale, wandilumbiritsa kuti ndibweza kali moyo. Pobwerera ndakwera kabaza. Ndikuyang'anitsitsa chishalo, belu, tepi yomwe ndinamata ndekha pa handulo: njinga yanga! Wakabaza akuti, "Ndaipeza motchipa, bwana, mwiniwake anali ndi mavuto."

Madzulo ano yayenda. Yayenda ndithu! Alamu atsika, ayenda, afunsira, Esinati wapukusa mutu n'kunena kuti, "Sindikufunani, bambo, gulani nsomba muzipita." Zonsezi tiyi asanazizire. Chigawo choyambachi ndachisunga mu fulashi. Kenako fani yalira ngati injini ya boti, chipinda chatentha, kompyuta yaima. Malata athuwa ndi ng'anjo.

Nzeru yabwera: ndakokera tebulo pawindo loyang'ana kunyanja, ndatsegula windo lonse. Kamphepo kaulere. Ndikudzitama ndekha.

Lachinayi

Ndayisiya ikurenda zigawo zotsala. Anditumiza ku boma kukanyamula mipando ya muholo, ntchito ya tsiku lonse.

Masana ndikuona utsi wakuda utaima pakati pa nyanja, ukusendera kumtunda. Nkhungu, tintchentche tathu tija. Ndayang'ana, ndati zabwera msanga chaka chino, ndanyamula mpando wina. Mutu wanga uli ndi madzi!

Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti nkhungu zikafika umazimitsa nyali, umatseka mawindo. Ndafika kumudzi dzuwa litalowa, nyumba zonse zili bii, zitseko zotseka. Windo limodzi lokha m'mudzi wonse likuthwanima, kufiira, kubiriwira, chikasu. Langa.

Ndathamanga. Zalowa m'kamwa, m'mphuno, m'makutu. Kompyuta sikuonekanso, pali chulu chakuda chomanjenjemera, timagetsi tikuwalira pansi pake. Kafungo ka zokazinga. Kenako timagetsi tija, tosazima tija, tazima.

Sindidya lero.

Lachisanu

Ndadzuka Azakhali ali kale m'chipinda, akusesera nkhungu m'lichero ndi nthenga ya nkhuku. Nkhope yowala, sindinawaonepo atakondwa chonchi. Akuti, "Ife timavutika kuzungulitsa dengu lonyowa padzuwa, iwe makina ako akukolera okha! Zina zapsa kale."

Zida za lero:

– mswachi wa Esinati, asadziwe
– pampu ya njinga, poti njingayo palibe
– singano
– pemphero

Mafani aphatikana ndi phala lakuda. Ndatokosa, ndapopa, ndapemerera mpaka chizungulire. Khadi yafa. Kabokosi kobwereka kafanso, mwini shoo ndikamuuza chiyani? Ramu yokha ili moyo, koma payokha sithandiza kanthu.

Ndamuimbira mnzanga. Akuti, "Zolowa tizilombo sitibweza, aise. Nanga kumeneko mumasunga kompyuta panja?"

Ndabwezeretsa zida zakale. Yayaka, ikukwawa monga kale. Pofika madzulo alamu angotembenuza khosi kuti abwerenso kachiwiri. Esinati wandifunsa ngati zonse zili bwino, maso ake ali mwaa ndi chimwemwe. Ndati inde. Ndikuchita manyazi.

Loweruka

Ndili ndi chigawo choyamba chokha. Maganizo anga: ndionetse chimenechi, kenako ndigwire maiki ndifotokoze zotsalazo pakamwa.

Holo yadzaza. Nsalu yoyera pakhoma. Alamu a katuni atsika minibasi, anthu akuwa, akuti ndi iwowo ndithu, ngakhale kayendedwe! Bambo akumwetulira. Kwa kanthawi kochepa ndine munthu.

Kenako mawu a Esinati pa sipika yaikulu: "Sindikufunani, bambo, gulani nsomba muzipita."

Filimu yathera pomwepo. Ndikuthamangira maiki, woyendetsa mwambo wandikaniza, akuti nthawi ndi ya perekaniperekani. Woimba nyimbo naye makina ake amabwereza filimu okha. Alamu atsikanso minibasi. Akanidwanso. Atsikanso. Akanidwanso! Apongozi aakazi a Esinati, a ku Dwangwa, apinda chitenje n'kutuluka. Ankhoswe akunong'onezana pakona. Ana aloweza kale, akuimba motsatira, "Gulani nsomba muzipita!"

Ndazula waya. Ndazula wolakwika, wa nyimbo. Mu holo muli zii, pakhoma Esinati akupukusabe mutu.

Esinati weniweni sanandiyang'ane mpaka kunyamuka.

Lamulungu

Mitambo. Mwera ukuwomba, nyanja yachita thovu.

Ukwati ulipobe, akuti alamu aseka pamapeto pake. Esinati sanaseke. Kompyuta ikurendabe m'chipindamu, yafika pamene iye akuyamba kumwetulira. Mwina adzalola mwezi wamawa. Ndayisiya, ilole yokha.

Bambo sanakalipe. Abwera ndi nyali za m'bwato, aziika pakhonde, akupukuta magalasi ndi malaya awo. Akuti, "Mudzi wonse unali mumdima, nkhungu za nyanja yonse zinatsata iwe. Usipa nawonso umatsata kuwala. Dzanja uli nalo, mwana wanga. Mphepo ikangoleka tikunyamuka."

Ndafunsa ngati m'bwatomo muli choyandamira munthu akagwa. Andipatsa chigubu.

Ndikuopa, ndipo palibe womuuza.

Masana Azakhali andiikira m'mbale chibumba chakuda cha nkhungu chokulunga m'tsamba la nthochi. Akuti, "Idya, za m'makina akozo, n'zako ndiwe." Ndadya. Njinga yanga yonse yathera m'mbale imeneyi, ndipo chondiwawa kwambiri n'chakuti ikukoma.