Mbale Sibwerera Yopanda Kanthu

Lolemba, 19 Disembala

Kalata ya abusa yafika lero pa njinga ya munthu wogulitsa usipa. Ikunena momveka bwino kuti abale athu othawa nkhondo ku Mozambiki alibe kalikonse, choncho Mkhristu aliyense awapatse mphatso ya Khirisimasi osayembekeza kubwezeredwa, monga Mulungu anatipatsira moyo ndi chipulumutso kwaulere. Ndaiwerenga katatu. Ikununkha usipa, koma mfundo yake ndi yoona.

Ndime yachiwiri ndiyo yokoma. Abusa safika kuno ku Katuli Lamulungu, msewu wadukanso. Akuti alalikire "munthu wophunzira". Dzina sanatchule. Panalibe chifukwa chotchulira. Mumpingo muno amene anaponda ku sekondale ndine ndekha.

A Likongwe, mkulu wa mpingo, akuti: "Tidzaona, aphunzitsi. Guwa si bolodi." Chaka chamawa mpingo usankha mkulu wina, ndipo aliyense akudziwa kuti Lamulungu ndi mayeso anga.

Anthu akuno samva mawu, amamva chitsanzo. Ndiye dongosolo nali:
1. Ndipereke mphatso kwa munthu amene sangathe kubweza.
2. Alephere kubweza.
3. Lamulungu ndimuloze, ndinene kuti umu ndi mmene Mulungu amachitira ndi ife.

M'chitsanzochi ine ndikuimira Mulungu. Mongoyerekeza chabe.

Ndasankha Che Momade. Anabwera chaka chatha ndi akazi awo Abiti Saidi, ana anayi ndi mphika umodzi, n'kumanga kanyumba kuseri kwa dimba la sukulu. Ndi Asilamu, zimene zikulimbitsa chitsanzo. Ndadzaza mpunga m'bakuli lathu la ukwati.

Amake Esinati akuti: "Mpunga umenewu ndinasungira Lamulungu." Ndawafotokozera za chisomo kwa mphindi khumi. Anyamula bakuli, apita nalo kwa a Momade. Ndikuona kuti amva.

Lachiwiri, 20 Disembala

Bakuli labwerera.

Muli nyemba. Pambali pake botolo la mafuta ophikira, lotseka ndi chitsononkho.

Ndapita ndekha kukakonza cholakwikacho. Ndapeza Che Momade akuluka mphasa. Ndawauza pang'onopang'ono, monga ndimachitira ndi Sitandade Thuu, kuti mpunga uja unali mphatso, ndipo mphatso sibwezedwa.

Akuti: "Eya, aphunzitsi, mpungawo sitinabweze. Tadya. Tabweza mbale."

Ndati m'mbalemo munali nyemba. Akuti: "Nanga mbale ya munthu ingayende yamaliseche? Tinathawa nkhondo ife, ulemu sitinauthawe."

Ndafunsa kumene othawa nkhondo apeza mafuta pamene golosale ya pano yatha mwezi yopanda ngakhale dontho. Akuti amalandira pa khadi la chithandizo. Kalata ya abusa za khadi sikunena.

Palibe chodetsa nkhawa. Vuto ndi laling'ono: ndinapereka chochepa, chobwezeka. Komanso ndinapereka mbale. Munthu wophunzira amaona muzu wa nkhani. Popanda mbale, palibe chobwerera.

Madzulo ano tadyera nyemba zothira mafuta. Ndadya monyinyirika, mbale ziwiri.

Lachitatu, 21 Disembala

Nzeru!

Shuga, masamba a tiyi ndi sopo wosambira, zonse ndakulunga m'mapepala akale a mayeso. Ndapita m'mawa iwo ali kumunda, ndasiya pakhomo, ndabwerako mofulumira. Palibe mbale, palibe mboni. Mapepalawo akafuna akolezere moto.

Ndalemba tsamba loyamba la ulaliki. Ndi labwino kwambiri. Mawu akuti "wosayenera" alimo kasanu ndi kawiri.

Masana Abiti Saidi afika ndi mbale yawo, yoyera ya mkombero wofiira, yodzaza chinangwa chophika ndi thendo. Agwada, apereka kwa amake Esinati, apita. Akuti anadziwa kuti ndine chifukwa pa pepala lokulungira sopo panali "2 pa 10, undione" ndi inki yofiira.

Tsopano taonani mmene zinthu zatembenukira. Mbale ili kwa ine. Ndine wofunika kubweza.

Ndauza amake Esinati kuti aitsuke akapereke yopanda kanthu, mwambowu uthere pomwepa. Andiyang'ana ngati ndawauza kuti akavule ku msika.

Akuti: "Kuchitsime ndimapita ine, abambo a Esinati. Inu mumangomwa madziwo. Mukufuna azinditi mkazi wa aphunzitsi amanyambita mbale za othawa nkhondo?"

Ndati Mulungu sapatsidwa chinangwa pobwezera. Akuti Mulungu sakhala kuseri kwa dimba la sukulu ndipo satunga madzi ndi Abiti Saidi. Mfundo imeneyi ili ndi cholakwika penapake. Ndichipeza mawa.

Lachinayi, 22 Disembala

Lole ya chithandizo yafika lero ndi matumba a othawa nkhondo. Yadutsa msewu womwewo umene wakanika abusa. Ndangolemba, sindikunenapo kanthu.

Ndaganiza zomenya kamodzi n'kamodzi. Nkhuku. Yaikulu ija imene takhala tikunenepetsa kuyambira Okutobala. Che Momade alibe ngakhale mwanapiye, ndayang'ana bwinobwino pabwalo pawo. Ndainyamula ndekha kukhwapa, m'dzanja linali mbale yawo. Nkhuku sikwana m'mbale, koma ndaikhazikamo pang'ono pofika pakhomo kuti mwambo ukwanire.

Che Momade ailandira, aiyesa kulemera, agwedeza mutu. Akuti: "Mwachita bwino kubwera nayo kuno. Pitani, musade nkhawa." Ndabwerako ndikuimba.

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Kuno Mkhristu akanyamula nkhuku yamoyo kupita nayo kwa Msilamu, tanthauzo lake ndi limodzi: mundizingire, kuti anansi onse athe kudya nawo. Ngakhale a Likongwe amatero ndi mbuzi zawo.

Pasanathe ola nkhuku yabwerera. Yozinga, yosotsola, yodula bwino, m'mbale yoyera ya mkombero wofiira. Pamwamba pake anyezi awiri ndi tomato. Che Momade angotengako miyendo ndi mutu, malipiro a wozinga. Auza amake Esinati kuti aphunzitsi ndi munthu wa ulemu, sangadye chakudya chimene mnansi sangakhudze.

Nyama siingadikire Lamulungu ndi kutentha kuno. Ndiye Khirisimasi tadya lero, Lachinayi. Theka tatumiza kwa a Momade m'bakuli lathu. Labwerera ndi mtedza.

Zimene zilipo tsopano:
Nkhuku, palibe.
Mpunga, palibe.
Shuga, palibe.
Mbale ya eni ake, ilipo, pa tebulo, ikundiyang'ana.

Lachisanu, 23 Disembala

Ndayenda nyumba yonse kufunafuna chinthu chimene wothawa nkhondo sangathe kufanana nacho. Wailesi ilibe mabatire. Njinga ndimayendera. Dikishonale ayi, Che Momade sawerenga Chingerezi. Esinati wabisa nsapato zake pansi pa mphasa atandiona ndikuziyang'ana.

Jekete. Lakuda lija ndinasoketsa ku boma nditamaliza kosi. M'dera lonse la Katuli lilipo limodzi.

Amake Esinati akuti: "Mudzalalikira mutavala chiyani?" Ndati choonadi sichifuna jekete. Mawu amenewa ndawalowetsa m'ulaliki, tsamba lachitatu.

Ndalipinda, ndaliika pa mbale yawo, ndakapereka. Ndanena katatu kuti ili si lozinga, si lochapa, si losoka, ndi lawo mpaka imfa. Che Momade alitambasula. Alisisita kolala. Akuti lawo anasiya pa msomali tsiku limene anathawa, ndipo amaliganiza kuposa ng'ombe. Apa ndayang'ana mphasa.

Masana apita nalo ku mzikiti. Likuwakhala bwino kuposa ine, m'mapewa makamaka.

A Likongwe ndakumana nawo pa mtengo wa mango wa kutchalitchi. Akuti: "Tamva mwayamba kuveka mzikiti, aphunzitsi. Ifeyo a mpingo tizidikira buluku?" Ndawauza kuti adzamvetsa Lamulungu.

Dzuwa lapendeka, palibe mbale yabwera. Palibe mwana wotumidwa. Palibe mtedza.

Ndapambana. Alephera kubweza!

Ndaitana Che Momade kuti Lamulungu adzakhale pansi pa mango paja, poonekera pa zenera. Avomera. Sindinawauze chifukwa.

Loweruka, 24 Disembala

M'mawa ndapita kumunda ndi khasu. Masabata atatu sindinapondeko, choyamba mayeso a ana, kenaka ulaliki. Ndimayembekeza kupeza chimanga chitamira m'udzu.

Ndadutsa munda wanga osauzindikira. Ndabwerera. Wopalira wonse, mizere yobandira, kuchokera kuchulu mpaka kumtsinje. Kumapeto kwake Che Momade, Abiti Saidi ndi abale awo asanu akutsuka makasu. Jekete lapachikidwa pa nthambi kuti lisade.

Akuti: "Tinaona udzu ukukusekani, aphunzitsi. Manja anu ndi a choko."

Ndati ichi n'chobwezera jekete. Akuti ayi, jekete silibwezeka, ichi n'cha udzu basi.

Munda wopalira sungauike m'mbale. Sungaubweze. Sungadzalemo udzu uja kachiwiri, ngakhale ndaganizirako.

Ndafika kunyumba ndi ukali. Ndalamula amake Esinati kuti apungule chimanga m'nkhokwe, dengu lathunthu, lipite kwa a Momade lero lomwe. Sanasunthe. Akuti ndikapungule ndekha.

Ndakwera, ndasuzumira. Muli zitsononkho, ndi khoswe mmodzi wooneka wokhumudwa.

Amake Esinati akuti: "Chimanga chinatha mu Novembala. Ufa umene mwakhala mukudyawu mumati ukugwa ndi mvula? Abiti Saidi amandipatsa ndowa imodzi lole ikabwera. Amadzera kuseri inu muli kusukulu. Anati tisakuuzeni, aphunzitsi ndi munthu wamkulu, angachite manyazi."

Ndafunsa chimene takhala tikubweza m'ndowamo. Akuti ndowa si mbale. Mbale ndi ya ulemu, ndowa ndi ya njala, ndipo ya njala imabwerera yopanda kanthu, wina aliyense amadziwa zimenezo.

Ine sindimadziwa. Ku sekondale sanatiphunzitse.

Ndakhala pa khonde ndi masamba anga asanu ndi limodzi. Ndawerenganso. Chichewa chake n'chabwino, palibe angatsutse. Kungoti paliponse pamene ndalemba "ine" pakufunika "Che Momade", ndipo pamene ndalemba "wosayenera" dzina lake ndalidziwa.

Lamulungu, 25 Disembala

Tchalitchi chodzaza. Ine malaya oyera okha, osita ndi makala a kwa eni ake. Pa zenera ndikuona Che Momade pansi pa mango, m'jekete, akhala mowongoka ngati woyendera sukulu. Theka la mpingo likuyang'ana iwo.

Masamba asanu ndi limodzi ndawasiya m'thumba. Ndati Mwana amene wabadwa lero palibe anamuitanitsa, palibe anamugwirira ganyu. Anadzera kuseri, eni nyumba ali otanganidwa ndi kudziona ngati anthu. Ndati ife tonse timakonda kukhala a mbale, kupatsana ndi Mulungu mwaulemu, iye atipatse moyo ife timubwezere nyimbo ndi chopereka. Koma chipulumutso chimabwera m'ndowa. Umalandira ndi manja awiri, ndowa n'kubwerera yopanda kanthu.

Amayi onse ayankha "Ame" nthawi imodzi, mwamphamvu kuposa mmene ndimayembekezera. Ena ayang'ana amake Esinati. Zikuoneka kuti nkhani ya ndowa inali yachinsinsi kwa ine ndekha.

Sindinaloze munthu. Mphindi zisanu ndi zitatu, ndakhala pansi.

A Likongwe potuluka akuti: "Mwayesetsa, aphunzitsi. Waufupi. Koma mkulu wa mpingo amafunika jekete." Za chisankho sananene kanthu. Ine sindinafunse.

Che Momade afunsa chimene ndinawaitanira. Ndati kudzadya. Akuti ulaliki aumva pa zenera, ndi wabwino, koma za ndowazo ndi nkhani za azimayi, iwo sazidziwa. Anena izi akuyang'ana kumwamba kwa mango.

Komabe ndikhoza kunena mosadzitama kuti ulaliki ngati umenewu Katuli sanaumvepo. Mawa ndiyankha kalata ya abusa. Ndilemba kuti mphatso zinaperekedwa monga analamulira. Zambiri sanafunse.

Tadya pa mphasa, mabanja awiri.
Ufa, wa a Momade.
Nyemba, za a Momade.
Mafuta, a a Momade.
Mphasa, analuka Che Momade.
Mchere, wathu.

Amake Esinati awerenga pa phewa langa. Akuti mcherewonso ndi wa a Momade.