Nkhondo ya Mapiko a Komandante

Khalani chete inu mapiri a ku Ngauma, nawenso msewu wa ku Cuamba leka kaye fumbi lako, pakuti ndisimba za nkhondo imene inagwedeza Mandimba m'chaka chimene njinga zamoto zinachuluka kuposa mbuzi, nkhondo yoopsa imene inamenyedwa pa mpanda wa nsungwi wolekeza m'khosi mwa munthu wamfupi.

Mbali ino ya mpandawo kunali bambo Gaspar, telala wochokera ku Itepela, Wolinganiza Manja a Malaya, Mdani wa Zopendekeka, munthu amene mutu unkamuwawa akaona buluku la mwendo wina wautali. Mbali inayo kunali mayi Mwajuma, Mfumukazi ya Mphasa Zitatu, amene ankayanika ufa woyera dzuwa likangoswa. Pakati pawo panali Komandante, tambala wofiira, nkhuku yokhayo ya Gaspar yoyenera mlendo, poti misoti isanu ndi iwiri yotsalayo inali nthenga ndi mafupa. Loweruka kunkabwera amalume a mnyamata wofunsira Jéssica, mwana wa Gaspar, kuchokera ku Cuamba, ndipo alendo otere ukawadyetsa nyemba, mbiri yako imafika kwawo iwo asanatsike chapa, minibasi ya kuno.

Lolemba Komandante anauluka, natera pa ufa, napalasa kum'mawa ndi kumadzulo, nasiya chitosi pakatikati. Mayi Mwajuma anatulukira pamwamba pa mpanda atamugwira miyendo.

"Bambo Gaspar, imvani! Lero ndakubwezerani nkhuku yanu ili ndi mutu. Ikadzatera kachitatu, ndidzakubwezerani nthenga zokha. Dulani nthenga za phiko limodzi, limodzi lokha, kuti ikati iuluke izipendekeka n'kugwa. Aliyense amatero."

Gaspar anaimirira pa makina ake, fita yoyezera ili m'khosi.

"Limodzi? Mayi, zaka makumi atatu ndavala fita iyi, ndaveka akwati kuyambira ku Itepela mpaka ku Lúrio, palibe anatuluka pakhomo panga dzanja lina lalitali lina lalifupi. Lero ndiyambire pa nkhuku?"

Choncho ngwaziyo inapana Komandante pakati pa mawondo, inayeza phiko lamanja, inayeza lamanzere, inalemba ndi choko, n'kudula zala ziwiri uku, zala ziwiri uku. Inali ntchito yosiririka, ndithu. Lachitatu Komandante anaulukanso, mopepuka ndi mowongoka kuposa kale, ngati munthu wotuluka kometa, natera pa mphasa yomweyo.

"Kawiri!" anafuula mayi Mwajuma pomuponya, ndipo mawuwo anamveka mpaka kumsika.

Gaspar anakweza mpanda ndi makapulana akale awiri, nsalu za chitenje, nadulanso mapiko onse chala chimodzi chimodzi. Jéssica anachonderera kuti angomumanga mwendo umodzi ku mtengo wa papaya. Bambo ake anamuyang'ana mwachisoni, osamvetsa kuti mwana wa telala angatchule bwanji mwendo umodzi.

Linafika Loweruka. Alendo anatsika chapa, bambo Ismaeli, amalume a mnyamatayo, ali patsogolo ndi kofia yoyera. Atakhala pansi n'kumwa madzi, Gaspar anabwera ndi Komandante kudzamuonetsa wamoyo, monga mwa ulemu wake. Bambo Ismaeli anamulandira ndi manja awiri, namunyamula m'mwamba pang'ono kuti amve kulemera kwake. Kukwezako n'kumene Komandante ankadikira. Anakupiza mapiko ake ofanana bwinowo, naponda kofia, naponda denga la khola, nadutsa pakati pa makapulana awiri aja.

Kenako kuseri kwa mpanda kunamveka mpeni ukunoledwa pamwala.

Gaspar anachita mantha, mantha enieni. Anayang'ana Jéssica, amene anaima pakhomo la khitchini maso ali pa thumba la nyemba. Ndipo Mdani wa Zopendekeka anavula chipewa, nayenda ulendo wautali wa mapazi asanu ndi limodzi kukafika pa mpanda.

"Odi, mayi."

"Katatu, bambo Gaspar."

"Ndawerenga nanenso. Koma mwanayu ndi wanunso, munamubereka kumbuyo ali khanda. Nenani chimene mukufuna."

Mayi Mwajuma anadikira kaye kuti a m'nyumba zoyandikana afike bwino pa mipanda yawo.

"Misoti yanu isanu ndi iwiri, lero lomwe, phiko limodzi limodzi. Mudule nokha, ine ndikuona."

Dzuwa linaona, alendo a ku Cuamba anaona. Gaspar anadula kasanu ndi kawiri atayang'ana kumbali, misozi ikugwera pa sizasi. Ndipo poti alendowo, pokhala Asilamu, sakanadya nyama yozingidwa ndi Mkhristu, mpeni wonoledwa uja sunanoledwe pachabe: bambo Abdulu, amuna awo a mayi Mwajuma, anazinga Komandante mwa lamulo lake, nabwera naye polowera pachipata, njira imene tambalayo sanaidutsepo ali moyo.

Mtendere unakondwereredwa ndi nthungululu. Misoti isanu ndi iwiri inayesa kuuluka, iliyonse n'kuzungulira kumanzere n'kugwa chagada, ndipo bambo Ismaeli anati banja lophunzitsa nkhuku kuvina n'loyenera kukwatiramo. Pogawa nyama, phiko lina anapatsa mayi Mwajuma, lina Gaspar, kuti likhale pangano la mibadwo yonse.

Mayi Mwajuma asanalume, Gaspar anatambasula dzanja.

"Tandibwerekani kaye, mayi."

Anagoneka mapiko awiriwo m'mbale, navula fita m'khosi, nayeza mosamala, msuzi ukudontha m'zala. Anali ofanana ndendende. Pamenepo mtima wake unakhala pansi, ndipo anadya.