A Dzungu ku Nyimba Mailo

Inu, tamvelani, basi ikali kutali. Nkhaniyi anandiuza amai Olipa Njobvu a ku Kalindawalo titatuluka m'chalichi, ndipo ine sindiwonjezapo mchele. Mulungu andikhululukile ndikaseka pakati, pakuti amuna awo, a Godwin, ndi mkulu wa mpingo.

Nonse mumawadziwa a Dzungu, chimunthu chija cha mutu wachikasu chimene ana a lelo amaonela pa foni mpaka batile kutha. Kale a Dzungu ankayenda ndi galimoto ya kanema. Ankamanga chinsalu pa bwalo la sukulu, kuvina, kenako kuitana mwana mmodzi kudzakhala pamiyendo pawo. Chaka cha 1984 mwana wamwayiyo anali Godwin. Zapita zaka makumi anayi, koma mudzi sunapumeko. Pa malilo, a Dzungu. Pogulitsa thonje, a Dzungu. Ngakhale nkhuku za pakhomo zikanatha kulemba mayeso a nkhaniyi n'kukhoza.

Tsiku lina mdzukulu wawo Tasila, wa giledi 2, anawayang'ana ndi diso la woweluza.

"Agogo, a Dzungu amaonedwa ndi dziko lonse. Inu akudziwani bwanji?"

"Iwe, pa kampani ya a Dzungu ukangotchula dzina langa, aliyense amaimilila."

"Mnzanga Abby akuti mumanama."

Amai Olipa akuti mawuwo anawalowa a Godwin ngati minga ya m'phazi. Munthu angapilile chilala, koma osati mdzukulu wokayika.

Sabata lomwelo panabwela uthenga pa foni kuchokela kwa Cosmas, mwana wa mlongo wawo wa ku Nyimba, munthu amene amasunga mawu ngati mbewu: "A Dzungu ku Nyimba mailo, bwalo la mpila."

"Bambo a Yvonne, muimbileni mwanayo," anatelo amai Olipa. "Mailo ake ati? Akubwelawa kapena apitawa? Paja kwathu kuno mawa ndi mailo, dzulo ndi mailonso."

"Nditaye tokotaimu pa nkhani yomveka kale? Munthu angakuuze za phwando lakutha?"

"Cosmas angathe."

"Sitani jekete."

Akulu anati safunsa anadya phula, koma akuluwo sanali pa foni ya a Godwin. M'mawa mwake anavala jekete la ukwati, limene linasiya kugwilizana ndi mimba yawo kalekale, ndi tayi yofiila. Basi anaikana, ati basi ndi ya anthu opanda anzawo. Iwo anali ndi mnzawo wa lole yonyamula mbuzi. Tasila anakhala kutsogolo ndi dalaivala, mkulu wa mpingo kumbuyo ndi nkhosa za mtundu wina. Pa msewu wonse ankaimba nyimbo ya a Dzungu maso ali tsinzi, osaona kuti tonde wina akuchita nawo chidwi. Pofika ku Nyimba, tayi inali itatsala mfundo yokha pakhosi, ndipo fungo lawo linkatsogola kukapeleka moni.

Pa bwalo la mpila panali makoko a nthochi, zisenga za nzimbe, ndi galu mmodzi wogona pa golo. Cosmas anafika akutafuna chinangwa.

"Malume, mwabwela kudzatani?"

"Unati mailo!"

"Eee, mailo. Zinali bwino kwambili. Ndimati mudziweko."

"Iwe mwana, sukanalemba kuti *anali*? Liwu limodzi lokha?"

"Malume, paja ndinu munandiphunzitsa kusawononga."

Tasila sanalile. Zikanakhala bwino akanalila. Anangoti, "Palibe kanthu, agogo. Mwina anamva kuti mukubwela."

Inu, mwana wa giledi 2! Cosmas ataona nkhope ya malume ake, anamasula mawu ena pang'ono: galimoto ya a Dzungu yafela ku Kacholola pobwelela ku Lusaka. Ulendo uno a Godwin anakwela basi popanda ulaliki, ndipo anthu anawapatsa mpando wonse okha, chifukwa cha ulemu kapena mbuzi, amai Olipa sakudziwa.

Ku Kacholola anaipezadi galimotoyo pambali pa amai ogulitsa nthochi. Mutu wa a Dzungu unali pansi chagada, thadzi lili mkati kufuna malo oikila. Pafupi panakhala mnyamata wovala thupi la a Dzungu mpaka m'chiuno, dzina lake Teddy, maso pa foni.

"Mwana wanga, ndine Godwin wa ku Kalindawalo."

"Zikomo, bambo," anatelo Teddy osatukula mutu. Kuimilila sanaimilile.

Tasila anayamba kuyang'ana nsapato zake. A Godwin akuti pamenepo anapemphela pemphelo lalifupi kuposa onse a moyo wawo. Ndipo abale, posankha mapemphelo muzisamala, chifukwa ena amayankhidwa.

Pansi pa galimoto panatuluka mdala wa imvi, mafuta ali bii m'manja. Anali a Mateyo, amene ankavala mutuwo kale, tsopano amangoyendetsa.

"Mwati Godwin? Kalindawalo? Pa sukulu ya pulaimale, chaka cha 84?"

"Ndine amene!" Chifuwa cha a Godwin chinatukuka, batani lomaliza la jekete n'kuuluka. "Wamva, Tasila?"

"Mayo ine, Godwin weniweni! Teddy, imilila!" Teddy anaimilila, foni n'kugwa. Amai a nthochi anasendela pafupi. "Mwana uyu nditangomukhazika pamiyendo, anayang'ana mutu wanga, n'kukuwa ngati nkhumba, n'kutsegula mpopi. Suti yonse inanyowa! Tinayanika masiku awili, kanema wa ku Sinda analepheleka."

"Linali thukuta," anatelo a Godwin ndi mawu a munthu wodwala.

"Thukuta lofunda choncho, bambo? Kuyambila pamenepo, mwana asanakhale pamiyendo timayala pulasitiki. Teddy, bweletsa godwini, mwanayu ajambulitse!"

Teddy anatulutsa chipulasitiki chabuluu, n'kuyang'ana a Njobvu ndi mantha aulemu. "Bambo, ine ndimayesa ndi Chizungu. Ngakhale ku ofesi amalemba choncho: magodwini awili."

Anachotsa thadzi, Teddy anavala mutu, Tasila anakhala pa dzina la agogo ake n'kujambulidwa mano onse panja. Amai a nthochi anawapatsa a Godwin phava lathunthu laulele, ati sanaonepo munthu wotchuka pafupi chotele.

Atafika kumudzi, mwanayo sanalowe n'komwe m'nyumba. Anathamangila kwa Abby akufuula kuti mudzi wonse umve: "Agogo sanama! Pa kampani yonse palibe wosadziwa dzina lawo! Ndikuuze chifukwa chake?"

A Godwin anakhala pakhonde akumasula mfundo ya tayi. Amai Olipa anawafunsa mofatsa, monga mkazi wachikhristu, ngati awayalile mphasa kapena godwini.

"Sekani," anatelo bambowo. "Koma mwana wati sindinama. Nanga inu, amai a Yvonne, ku Lusaka kuli chinthu cha dzina lanu?"