Don Eleuterio, Wolengeza Manong'onong'o

Mukafunsa aliyense pa msewu wa kutsogolo kwa Nyumba ya Malamulo za malemu Don Eleuterio Cárcamo, sayamba ndi udindo wawo. Ayamba ndi kukhosi. Munthu wamfupi ngati botolo la vinyo, koma akangoyasamula, nkhunda za pabwalo zinkathawira kudoko, sitima n'kumayankha poganiza kuti inzake yaliza hutala.

Ine Nibaldo ndakhala ndikuperekera zakudya pa lesitilanti yoyang'anizana ndi Nyumbayo chisudzulirane ine ndi sukulu, ndiye zonsezi ndinkazionera pafupi, thireyi ili m'manja.

Aphungu anakhazikitsa lamulo lokongola: munthu wolipidwa ndi kampani kuti azikanong'oneza aphungu, akakumana ndi phungu, dziko lidziwe. Anatsegula ofesi yoyang'anira zimenezi n'kuikamo Don Eleuterio. Koma ndalama zoyendetsera ofesiyo ankavomereza ndi komiti ya aphungu omwewo. Kuwauza amphaka a kudoko kuti azilipira mlonda wa nsomba!

Chaka choyamba anawachotsera mlembi. Chotsatira, galimoto. Kenako makina olengezera pa intaneti anafa, komiti inati ikambirana. Anatsala eni ake, mpando, ndi fani yosazungulira.

"Ndiye muzilengeza bwanji, Don Eleuterio?" ndinawafunsa.

"Lamulo likuti anthu adziwe, compadre, bwenzi langa. Silinati adziwe ndi magetsi. Pakamwapa komiti sinadulepo."

Mawa lake masana anaima pakhomo pathu, anavula chipewa, n'kukoka mpweya.

"Tamverani anthu inu! Phungu Mardones akudya msuzi wa nsomba ndi Señor Larraguibel a kampani ya madzi! Nkhani yake ndi mtsinje wa kuchigwa!"

Larraguibel anatsamwa ndi munga. Mardones, amene analinso wapampando wa komiti ija, anadzuka kansalu kali pakhosi.

"Bambo inu, ife ndi apachibale!"

"Ati ndi apachibale!" anakuwa Don Eleuterio. "Chibalecho chayamba Lolemba!"

Ogulitsa nyuzi anaimba mluzu, amayi odikira basi anaomba m'manja. Nkhani yogulitsa mtsinje inakagona m'kabati chaka chimenecho.

Abwanawo anayesa kubisala. Kometetsa, Don Eleuterio anali pa mpando wachitatu thovu lili kumaso. Anayesa m'tchalitchi, iwo anagwada kumbuyo kwawo n'kulengeza mwa kayimbidwe ka pemphero, nkhalamba za pa benchi zikuyankha "Amen." Larraguibel anawatumizira botolo la uchi, ati la pakhosi. Uchiwo anaulengeza nawonso, ndi kukula kwa botolo komwe, n'kuubweza. Ngakhale khofi wanga waulere ankamukana.

"Kodi ine ndine kampani, Don Eleuterio?"

"Lero ayi. Nanga mawa ukalemera?"

"Ndi thireyi imeneyi?"

Ndiye kunamveka mphekesera yoti komiti ikufuna kutseka ofesiyo. Tsiku lina ndinangoona Don Eleuterio alowa, tayi ya ukwati wawo ili pakhosi, n'kukhala pa tebulo la Mardones. Ndinatsala pang'ono kugwetsa mbale: munthu uja ankanong'ona.

"Olemekezeka, malipiro anga dulani. Mpando tengani. Chitseko chokha chisiyeni chotsegula."

Mardones anapitiriza kuswa buledi.

"Tikuganizirani, Don Eleuterio. Ntchito yanu timainyadira."

Don Eleuterio anadzuka, anayenda mpaka pakhomo, n'kuvula chipewa. Ndinathamangira kukawagwira mkono.

"Izi zokha zisiyeni, madala. Palibe waona."

"Ndaona ine."

Anakoka mpweya.

"Tamverani anthu inu! Eleuterio Cárcamo wakumana ndi Phungu Mardones! Akupempha kuti ofesi yake isatsekedwe! Wanong'ona, ndipo wagwetsako misozi!"

Msewu wonse unafa nacho chiseko. Nanenso ndinaseka, koma kusekako kunandiwawa m'nthiti.

Ofesi sanaitseke, aphungu si opusa. Anati ngwazi yotere ikufunika malo a mpweya wabwino, n'kuisamutsira pamwamba pa phiri lomaliza, kumene basi imatembenukira, osawapatsa ndalama ya basiyo. Don Eleuterio ankatsika wapansi. Pofika pathu, abwana atapita kale, ine ndikupukuta matebulo. Ankaima n'kumayang'ana minga ya nsomba m'mbale.

"Minga siyankhula, compadre," ankatero.

Anatsika ndi kukwera phirilo dzinja lonse, mvula ikuwathera pamsana. Chifuwa chinalowa. Mawu anayamba kusasa, kenako anatheratu. Ulendo womaliza anaima pakhomo, anavula chipewa, anayasamula, koma panangotuluka kamphepo. Nkhunda zinapitiriza kutola nyenyeswa pa nsapato zawo. Mwezi womwewo mtsinje wa kuchigwa unagulitsidwa, manja a aphungu ali m'mwamba, popanda wotsokomola.

Pa maliro, nkhata yaikulu kuposa bokosi inachokera ku kampani ya madzi. Mkazi wawo, Doña Fresia, anaikoka yekha mpaka pamsewu.

"Anakana uchi ali moyo, alandire maluwa atagona?"

Ofesi ija ikadalipo kuphiriko. Chikwangwani amachipenta chaka ndi chaka, koma m'katimo mulibe munthu. Zolemba wina ntchito, komiti ikukambirana.

Masiku ano abwana sanong'onanso. Amakambirana momasuka, miyendo atatambasula, mawindo ali otsegula. Sabata yatha Mardones ndi Larraguibel anakhala pa tebulo lawo lomwe lija, ndipo ndinamva akutchula mtsinje wina. Ndinayenda mpaka pakhomo, pamalo penipeni pamene malemu ankaima. Ndinakoka mpweya wodzaza chifuwa, amayi odikira basi anacheuka, bwana wanga nayenso anasuzumira pa kauntala.

Ndinatembenukira kukhitchini.

"Msuzi wa nsomba mbale ziwiri, tebulo la pawindo!"

Nkhunda sizinasunthe n'komwe.