Paipi Imene Inatifikitsa ku Gokwe

Abusa Mwale alipo. Mayi Nabanda, akazi anga, alipo. A Chirwa, mtsogoleri wa kwaya pa mpingo wathu wa ku Mvuma, amene anandisumira kwa akulu a mpingo kuti ndine wabodza, nawonso ali moyo. Wokayika apite akawafunse. Ine Eliya Phiri ndinaphunzira ku mishoni kumene wonama ankagona chafufumimba chifukwa cha zikoti, ndinakonza mapaipi a mpweya mumgodi mpaka imvi zinamera, ndipo sindinachedwepo ku shifiti kapena kukokomeza nkhani.

Zinali zaka zija ndalama inkatha mphamvu munthu ali pamzere, petulo tikungomumva dzina. Uthenga unafika kuti mwana wathu Rute, wokwatiwa ndi mlimi wa thonje ku Gokwe, wabereka mwana wamwamuna, mdzukulu wathu woyamba. Mwambo mukuudziwa: mchombo ukagwa khanda limatuluka m'chikuta, ndipo wolitulutsa ndi kulimeta tsitsi loyamba ndi agogo a kuchikazi. Mabasi anali ataima. Nabanda anakhala pakhonde ndi mbereko yatsopano pamiyendo, osadya.

"Abambo a Rute, mwanayo akamutulutse ena ine ndili moyo?"

Ndinali ndi chigubu chimodzi cha petulo, ndi galimoto yanga yakale yabokosi imene inkatsokomola ngati munthu wa chifuwa cha mumgodi. Ndinatsegula boneti, ndinaika khutu, ndinamva matenda ake: phuma. Injini ili ngati mgodi, ikasowa mpweya imadya kwambiri n'kugwira ntchito pang'ono.

Ndinapita kwa a Kalua, mnzathu wobwera kumene kuchokera ku Malawi, amene ankaoda katundu ku Joni. Anandiyalira mapaipi atatu okokera mpweya mu injini, iliyonse ndi sefa yake. Yoyamba inali yofiira, yonyezimira, yokondweretsa anyamata a makombi. Ndinaikana, chifukwa chinthu chodzikongoletsa chotero sichigwira ntchito. Yachiwiri inali yaifupi, yopumira pambali pa injini pomwepo. Ndinaikana, chifukwa mumgodi sitimwetsa munthu mpweya wotentha umene mnzake watulutsa. Ndinasankha yachitatu, yaitali, yotsikira kutsogolo kukatunga mpweya wozizira. Chimene ndinapereka posinthanitsa si nkhani yanu.

Ntchito ndinaigwira mwadongosolo. Ndinayala thumba loyera, ndinandandalika masipanala kuyambira wamng'ono, ndinawerenga pepala la malangizo kawiri ndi kukonza Chingerezi chake ndi pensulo, ndinachotsa waya wa batire, ndinamasula bokosi lakale la sefa, ndinalumikiza paipi pakamwa pa kabuleta ndi kumanga mabawuti mofanana mbali zonse. Kenaka ndinaiyesa monga tinkachitira pansi mumgodi: umayatsa kandulo pakamwa pa paipi, lawi likawerama ndiye kuti mpweya ukuyenda. Nabanda atangoliza injini, paipi inameza lawi, inameza kandulo, inameza bokosi la machesi, inagwira tayi yanga, ndipo ndikanapanda kumasula mfundo msanga, bwenzi lero mukundimvera ku ekizozi. Mukumva?

Tinapemphera, tinanyamuka seveni koloko yeniyeni. Petulo anatithera tikulowa mu Gweru, koma pamenepo panali mzere wa magalimoto odikira mafuta, wautali mwakuti amene anali kumapeto ankakhala m'boma lina, ndipo tikudutsa pambali pake paipi yanga inayamba kununkhiza thanki iliyonse, kukoka kafungo kotsalira ka chaka chatha, apa pang'ono apo pang'ono, mpaka muvi wa geji unadzuka n'kuima pakati, madalaivala akuthamangira zipewa zawo n'kumakuwa kuti, "Sekuru, dzimai mota!" ndiko kuti, "Agogo, zimitsani galimoto!" Ndinaima, ndinabweza chipewa chilichonse kwa mwini wake, chifukwa sindine wakuba. Wapolisi wina anakweza dzanja, wezulo ali pakamwa. Wezuloyo analowa mu paipi, ndipo tinayenda tikuimba mluzu mpaka ku Kwekwe, ng'ombe zikupatuka zokha.

Zenizeni zinachitika pa msewu wa ku Gokwe. Inali nyengo yokolola, minda yayera mbali zonse, ndipo paipi itamva mpweya wozizira wa kumeneko inapuma mpweya umodzi waukulu, fumbi lonse la mumsewu linatha, maenje anatsekeka, thonje linayamba kuthothoka lokha m'mitengo kumanja ndi kumanzere, kulowa kutsogolo ngati dzombe, njere zikugwera pambali m'mizere yowongoka zodzala kale za chaka chamawa, ulusi wopota bwino ukutuluka ku ekizozi, Nabanda akuukulunga pawindo n'kumaluka, kotero kuti tisanafike pa chitunda chachikulu anali atamaliza kachipewa, timasokosi ndi kajuzi ka manja aatali. Chitundacho sitinakwere. Paipi inakoka msewu ngati mmene mayi amakokera mphasa, ife tili chiimire, Gokwe akubwera yekha, mpaka nyumba ya apongozi inadzaima pa bampala. Mukumva? Mchombo unali utagwa m'mawa womwewo, ndipo azakhali a mkamwini wanga anali atagwira kale lezala. Nabanda anatsika, anawomba m'manja mwaulemu monga amachitira kumeneko, analowa m'nyumba, natuluka ndi khanda pa mbereko yake. Ndakhala naye zaka zambiri mkazi ameneyu, koma nkhope ya tsiku limenelo ndinali ndisanaionepo.

Nkhaniyi nditaikamba kangapo pambuyo pa mapemphero, a Chirwa anakadandaula kuti mkulu wa mpingo akuphunzitsa anthu bodza, ndiponso kuti mlamu wawo anaona galimoto yanga ikulowa mu Gokwe itamangidwa chingwe kumbuyo kwa lole ya thonje. Akulu anakhala pansi. Abusa anafunsa Nabanda.

"Chingwe chinalipo, Abusa, kuyambira ku Kwekwe," anatero. "Petulo anatha, ndipo sefa inatsamwa ndi thonje logwa mumsewu. Kachipewa ndinalukira kunyumba. Koma muwafunse bambowa chifukwa chake miyezi itatu tsopano akubwera ku Mgonero ndi shati yokha. Jekete lawo lakuda, la ukwati wathu, lili kwa a Kalua."

Za chingwe ndinafotokoza zoona: galimotoyo inali italusa, ndipo ndinaimangirira ku lole kuti ilemekeze malamulo a liwiro.

Abusa anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Ndikhulupirira chinali chimfine. Kenaka anagamula motere: khanda linatuluka m'chikuta m'manja mwa agogo ake, ndipo pa ichi palibe wanama. A Chirwa, poti anasumira munthu wopanda jekete, azindibwereka lawo tsiku la Mgonero. Za thonje ndi wezulo, a Phiri azikamba kunja kwa mpanda wa tchalitchi, ndipo osati Lamulungu.

Akulu onse anavomera. A Chirwa anavomera, ngakhale jekete lawo limandithina m'khwapa. Nabanda anavomera akuseka m'chitenje. Inenso ndinavomera, chifukwa ndine munthu womvera malamulo: lero ndi Lachiwiri, ndipo mpanda uli apowo, kumbuyo kwanu.