Kakowa Pamsana pa Che Saidi

Nkhaniyi anandiuza ndi alamu anga, Che Saidi a ku Nkope, tsiku lomwe ndinakazonda akazi awo, Abiti Juma, atangotuluka m'chipatala. Ndiibwereza momwe anaikambira, Mulungu andithandize ndisawonjezere.

"Mlamu, mayiwa atawachita opaleshoni anangoti ndwii pabedi, ngakhale phala osaliyang'ana. Nditawafunsa chomwe mtima ukufuna, anati, 'Ndawasowa akakowa a kudambo kwathu. Kandijambulireni.' Ine ndinati zazing'ono zimenezo, foni ndili nayo.

"M'mawa ndinapita kudambo kumene kumadya ng'ombe za Che Bwanali. Akakowa ali mbuu, kulondola ng'ombe, kumatola ziwala zodzidzimuka ndi ziboda. Koma ndikati ndisendere, onse kuuluka! Kanayi konse.

"Ndiye nzeru zinandibwerera: mbalamezi zimathawa wa miyendo iwiri, wa inayi sizimuopa. Ndinathamangira kunyumba, n'kutenga chitenje chofiirira cha mayiwa, n'kufunda mutu womwe, n'kuyamba kukwawa pakati pa ng'ombe. Ine, bambo wa zidzukulu zisanu! Bondo ili pandowe, linalo paminga, koma ndinapirira.

"Ndipo zinathekadi. Akakowa anayamba kundilondola ine, mmodzi n'kudzatera pamsana panga penipeni. Tsono wa pamsana mungamujambule bwanji? Kutembenuka, athawa. Ndili chiganizire, nkhunzi inabwera n'kumandinunkhiza kukhosi, mpweya wake wotentha. Ndinangoyamba kutchula dzina la Mulungu chamumtima.

"Kenako ndinamva, 'Che Saidi, msipu mwayamba liti?' Akazi a Che Bwanali, ndowa pamutu, foni m'manja, akundijambula!

"Zithunzi zangazo? Mchira wa ng'ombe, china mphuno yangayi. Basi ndinaika manyazi pambali, n'kupempha chithunzi chawocho, n'kupita nacho kuchipatala. Mayiwa atachiona anaseka mpaka anamwino anabwera kudzawaletsa kuti ulusi ungaduke. Atapukuta misozi anandifunsa, 'Phala lija likadalipo?' Anamaliza mbale yonse."

Abiti Juma, omwe anali pamkeka pambali pathu akusenda chinangwa, anagwira pamimba n'kuyambanso kuseka. Ine ndinathokoza Mulungu, amene amachiritsa m'njira zake. Che Saidi anasisita bondo n'kumaliza motere:

"Koma mlamu, zokwawa ndasiya. Akadzadwalanso, Mulungu atalikitse, ndidzangokusa ng'ombezo mpaka kuchipatala, akakowa azidzatsatira okha."